Spotlight, Actors Access ndi Backstage: kodi ndalama yolembetsera mwana wochita mafilimu imagula chiyani?

Kholo limene mwana wake wayamba kuonetsa luso la zisudzo ku Britain kapena ku America silichedwa kumva mayina atatu awa: Spotlight, Actors Access ndi Backstage. Ena amawonjezerapo Casting Networks. Ndi masamba a pa intaneti amene mumaikapo zithunzi za mwana, zaka zake, kutalika kwake ndi zimene wachitapo, n'kumadikira kuti ofuna osewera amuone. Onse amafuna ndalama, ena pachaka, ena pamwezi, ena nthawi iliyonse imene mwatumiza dzina. Ife titawaunika tikuona kuti ndalamayo imagula malo pamndandanda basi. Sigula mbali m'filimu, ndipo pa mbali zikuluzikulu za ana nthawi zambiri sigula ngakhale mwayi woyesedwa. Komabe alipo ana amene sangayende popanda masambawa, choncho nkhani yagona pa kudziwa ngati mwana wanu ali m'gulu limenelo, komanso tsamba loyenera kumulipirira.

Tiyambe ndi mmene mbali ya mwana imayendera isanafike pa intaneti. Kampani yopanga filimu imalemba ntchito munthu wotchedwa casting director, amene udindo wake ndi kufufuza osewera n'kuwabweretsa kwa dayirekitala. Munthuyu amalipidwa ndi kampaniyo, salandira kanthu kwa mwana kapena kwa kholo, ndipo chigamulo chomaliza si chake. Iye amasefa, koma osankha ndi dayirekitala pamodzi ndi eni ndalama. Akawerenga nkhani ya filimuyo amalemba chikalata chachifupi chotchedwa breakdown, chofotokoza munthu aliyense amene akufunika, mwachitsanzo mtsikana wooneka wa zaka 8 mpaka 10, wa kalankhulidwe ka kumpoto kwa England, wodziwa kusambira, wopezeka miyezi inayi yotsatizana. Chikalata chimenechi ndicho katundu weniweni wa masambawa. Tsono chimene makolo ambiri amachidziwa atalipira kale n'chakuti casting director ndi amene amasankha oti achione. Angathe kuchitumiza kwa maejenti (anthu oimira osewera n'kumawapezera ntchito) ochepa amene amawadalira, kwa maejenti onse, kapena kuchitsegulira aliyense. Mbali zonona kawirikawiri zimathera kwa maejenti.

Spotlight

Inayamba mu 1927 ku London ngati buku la zithunzi za osewera, ndipo lero ndi pamene pamadutsa ntchito zambiri za mafilimu, wailesi yakanema ndi zisudzo za pasiteji ku Britain. Kwa ana, khomo lake ndi lopapatiza: kholo silingangodzuka n'kulembetsa mwana palokha, pamafunika ejenti kapena sukulu ya zisudzo imene Spotlight ikuidziwa. Ena amadandaula nalo lamuloli, koma ife tikuliona ngati mphamvu yaikulu ya tsambali. Chifukwa cha ilo, casting director akafufuza ana a msinkhu wakutiwakuti amadziwa kuti aliyense amene watuluka waonedwapo kale ndi munthu wodziwa ntchito. Komanso mwana sakhala poyera pamene aliyense wokhala ndi kompyuta angamulembere uthenga.

Pali ndalama ya pachaka, ndipo amene amatumiza dzina la mwana ku ntchito ndi ejenti. Ndiye kuti kholo limalipira, koma zambiri zimene zikuchitika siliziona. Miyezi itatu ikhoza kudutsa kuli zii, inu osadziwa ngati dzina latumizidwa ka 20 kapena silinatumizidwe n'komwe. Njira yake ndi kupempha ejenti, kamodzi kapena kawiri pachaka, kuti akuonetseni mndandanda wa ntchito zimene anatumizako mwanayo. Ejenti wabwino sakwiya nalo pempho limeneli. Nkhani ya ndalamayi inafika mpaka kukhoti: mu 2024 bungwe la osewera la Equity linasumira eni Spotlight ku High Court ponena kuti mitengo yake iyenera kutsatira malamulo a mabungwe opezera anthu ntchito, koma mu 2025 khoti linagamula kuti Spotlight si bungwe lotero. Chigamulochi chikunena zimene ifenso tikunena, kuti tsambali ndi kaundula woonetsera osewera, silikulonjeza kupezera aliyense ntchito. Ngati mwana ali ku Britain ndipo ejenti wamulandira, lipirani, palibe njira ina yolambalala. Ngati alibe ejenti, Spotlight si poyambira.

Actors Access

Ku America zinthu zimayendera kampani ya Breakdown Services, imene Gary Marsh anaiyambitsa mu 1971 ku Los Angeles. Ili ndi makomo awiri. Breakdown Express ndi khomo la maejenti, ndipo Actors Access ndi la osewera eniake ndi makolo awo. Kutsegula akaunti n'kwaulere ndipo zithunzi ziwiri zoyamba salipiritsa. Zithunzi zowonjezera ndi mavidiyo n'zolipira, ndipo potumiza dzina mumalipira kamodzikamodzi kapena ndalama ya chaka chonse. Chimene chimatikopa n'chakuti mbiri imene mwalemba pa Actors Access ndi yomweyo imene ejenti adzaigwiritse ntchito akamatumiza mwanayo kudzera pa khomo linalo, choncho thukuta lanu silipita pachabe mukadzapeza ejenti. Mavidiyo a mayeso amadutsa pa njira yawo yotchedwa Eco Cast, imene imaonetsa malangizo ndi tsiku lomaliza pamalo amodzi. Maonekedwe a tsambali ndi achikale ndipo kholo latsopano limasochera masiku oyamba, koma limagwira ntchito.

Muyenera kudziwa kuti zimene mukuona pa Actors Access ndi zokhazo zimene casting director walola kuti osewera azione. Zambiri ndi mafilimu aafupi, mafilimu a ophunzira a kuyunivesite ndi a makampani ang'onoang'ono. Koma pa ana zinthu zimasiyanako ndi akuluakulu. Ana a zaka 9 odziwa ntchito ndi ochepa, ndipo amene analipo chaka chatha akula, ndiye situdiyo yaikulu ikafuna mwana wa mtundu wosowa, monga wolankhula chinenero china kapena wosamva amene amalankhula ndi manja, imatsegulira aliyense. Pachifukwa chimenechi tikuona kuti pa masamba onsewa ili ndilo limene ndalama yake imamveka, makamaka chifukwa mungathe kuyamba osalipira kanthu n'kumangoyang'ana zimene zikutuluka.

Backstage ndi Casting Networks

Backstage inayamba mu 1960 ngati nyuzipepala ya osewera ku New York, ndipo mu 2021 inagula masamba ena awiri, Mandy ndi StarNow. Pano aliyense angalembetse mwana, ndipo ntchito zimabwera zambirimbiri. Kuchuluka kumeneko ndiko ubwino wake, ndiponso ndiko vuto lake. Mwana amene sanaimepo pamaso pa kamera angapeze filimu yaifupi yophunzirirapo, n'kutulukamo ndi mphindi imodzi ya vidiyo yooneka bwino yokaonetsa ejenti. Koma kusefa kumatsalira kholo, chifukwa olengeza ntchito ndi a mitundumitundu, ena odziwa malamulo a ana, ena osadziwa n'komwe kuti pamafunika chilolezo. Mbali yaikulu m'filimu ya situdiyo simungaiyembekezere kwambiri kuno. Casting Networks ndi yamphamvu pa zotsatsa malonda, ndipo ejenti wa ku Los Angeles akhoza kukuuzani kuti mutsegule akaunti. Musanauzidwe palibe chothamangira. Eni ake a Casting Networks ndi kampani ya Talent Systems, yomwenso ndi eni Spotlight.

Kumene mbali zazikulu zimachokera

Apa ndi pamene otsatsa masambawa sakonda kuchedwapo. Mbali ikakhala yaikulu zedi, yoti filimu yonse yatsamira pa mwana mmodzi, ofufuza sakhutira ndi kaundula. Amatuluka n'kupita m'masukulu, m'magulu a zisudzo ndi a magule, ngakhale m'mabwalo a mpira. Anna Paquin, amene analandira mphoto ya mafilimu ya Oscar ali ndi zaka 11 chifukwa cha The Piano, anapita ku mayeso otsegulira aliyense ku New Zealand atatsagana ndi mkulu wake. Quvenzhané Wallis anayesedwa ali ndi zaka 5 pakati pa ana pafupifupi 4,000 ku Louisiana, ndipo pofika zaka 9 anali atalowa pamndandanda wopikisana pa Oscar chifukwa cha Beasts of the Southern Wild. Abraham Attah wa mu Beasts of No Nation anamupeza akusewera mpira ku Ghana, ndipo Madina Nalwanga wa mu Queen of Katwe anamupeza m'gulu lophunzira magule ku Kampala. Palibe mwa ana amenewa amene anapezeka chifukwa cholipirira tsamba.

Chitsanzo china ndi cha kampani ya wailesi yakanema ya HBO. Mu Seputembala 2024 analengeza kuti akufuna ana okhala ku Britain ndi ku Ireland, amene adzakhale ndi zaka 9 mpaka 11 mu Epulo 2025, oti adzasewere mu Harry Potter watsopano wa pa wailesi yakanema. Anapempha mavidiyo awiri aafupi, ina ya ndakatulo kapena kankhani ka masekondi 30, ina ya mwanayo akudzifotokoza. Kutumiza kunali kwaulere. Ana oposa 30,000 anatumiza, ndipo mu Meyi 2025 analengeza atatu: Dominic McLaughlin, Arabella Stanton ndi Alastair Stout.

Tisapotoze nkhani, njira ya ejenti nayonso imabala. Daniel Radcliffe anali ataonekera kale mu David Copperfield wa BBC mu 1999 asanasankhidwe mu 2000, ndipo Hailee Steinfeld, amene anapambana atsikana pafupifupi 15,000 pa mbali ya mu True Grit, anali atachitapo kale timafilimu tatifupi. Mfundo yathu ndi yakuti kusaka kwakukulu kukachitika kumalengezedwa poyera ndipo sikulipiritsa. Chimene kaundula amathandiza ndi ntchito zapakati, za mizere isanu kapena masiku atatu, zimene zimaphunzitsa mwana ndi kumudziwikitsa kwa osankha.

Vidiyo ya mayeso, pamene ambiri amagwera

Tsamba lililonse mwa awa limathera pa chinthu chimodzi: uthenga wopempha self-tape, vidiyo imene mumajambula nokha kunyumba. Masambawa amainyamula bwino vidiyoyo, koma kuijambula kuli kwa inu, ndipo ana ambiri aluso amagwa pano chifukwa cha zolakwa za akuluakulu.

Foni muigoneke cham'mbali, isaimirire, ndipo ikhazikike pa tripod (choimikira cha miyendo itatu) kapena pa chinthu chosagwedera. Diso la kamera lilingane ndi maso a mwana, osati a inu. Kholo likajambula chiimirire, mwana amayang'ana m'mwamba, chibwano chimatukuka, ndipo nkhope imene osankha akufuna kuiwerenga imapindika. Chithunzi chiyambire pachifuwa n'kulekezera pang'ono pamwamba pa mutu. Kumbuyo kukhale khoma lopanda zithunzi, lotuwa kapena labuluu. Khoma loyera mbee limanamiza foni, imaona ngati kwawala kwambiri n'kudetsa nkhope, ndipo mwana wakhungu lakuda ndi amene amapwetekeka kwambiri ndi zimenezi. Dinani pankhope pa sikirini n'kugwiritsa pang'ono kuti foni iyeze kuwala kuchokera pamenepo. Kuwala kuchokere kutsogolo, windo likhale kumbuyo kwa kamera osati kumbuyo kwa mwana. Zimitsani fani, wailesi ndi chilichonse chong'ung'uza.

Wowerenga mizere ya munthu winayo aime pambali penipeni pa kamera, osaoneka, ndipo atsitse mawu, chifukwa ali pafupi ndi maikolofoni kuposa mwana. Mavidiyo ambiri amamveka mawu a mayi okhaokha, mwana akumvekera kutali. Mwana ayang'ane wowerengayo, asayang'ane m'kamera, kupatula pa kagawo kodzitchula dzina, zaka, kutalika ndi mzinda umene akukhala. Zovala zikhale zamasiku onse, osadzola zodzoladzola, osavala zoyerekeza munthu wa m'nkhaniyo pokhapokha atapempha.

Cholakwa chachikulu kuposa zonsezi ndi kumunenera mwana mzere kuti atsanzire. Casting director amene waonera mavidiyo 300 tsiku limenelo amazindikira pa masekondi ochepa kuti kakwezedwe ka mawu aka ndi ka munthu wamkulu. M'malo mwake mufotokozereni zimene zikuchitika: ukulankhula ndi ndani, ukufuna chiyani kwa iye, chachitika n'chiyani posachedwapa. Jambulani katatu kapena kanayi, mulekere pomwepo. Mukafika ka 15 mwana watopa, akungobwereza mawu opanda moyo, ndipo nthawi zambiri yachiwiri ija ndiyo inali yabwino. Dzina la fayilo mulembe ndendende mmene anenera, ndipo tumizani msanga chifukwa ambiri amaonera mavidiyo akamafika, sadikira tsiku lomaliza. Pa ntchito za pansi pa bungwe la osewera la SAG-AFTRA ku America, mgwirizano wa 2023 umati mwana apatsidwe maola osachepera 72 okonzekera, ndipo masamba oti awerenge pa vidiyo yoyamba asapitirire 8. Wina akakupatsani masamba 14 kuti mutumize mawa m'mawa, muli ndi poyambira kufunsa.

Vidiyo ikakondedwa, tsambalo ntchito yake yatha. Chotsatira ndi kuitanidwanso, pamaso kapena pa Zoom, ndipo kuno sakuyesanso kuloweza. Dayirekitala amauza mwana kuti achite gawo lomwelo mosiyana, mwina mokwiya pamene poyamba analichita mwachisoni, pofuna kuona ngati amamva malangizo n'kusintha. Mwana amene anamuumba kwambiri kunyumba amabwereza zomwe zija, ndipo amathera pomwepo. Ena amaika pepala pambali n'kungoyambitsa sewero lopeka pompo. Henry Thomas anapeza mbali ya mu E.T. mwa njira imeneyi, atalira misozi yeniyeni pa sewero losalembedwa. Kenako amamuika pamodzi ndi wosewera wamkulu amene adzakhale mayi kapena bambo ake m'filimu, kapena ndi ana anzake, kuti aone ngati akuyenerana pa nkhope, pa kutalika ndi pa kamasukidwe. Mwana akhoza kuchita bwino kuposa onse n'kulephera chifukwa choti wamupitirira kutalika amene akuyenera kukhala mkulu wake. Ndipo nthawi yonseyi kholo nalonso likuyesedwa mwakachetechete. Lidzakhala pamalo ojambulira miyezi ingapo, ndiye kholo lolowerera, loyankhira mwana mafunso kapena lokalipira mwana pakhonde limamutayitsa ntchito osadziwa. Mukamva kuti mwana ali pa pencil ku Britain kapena pa avail ku America, tanthauzo lake ndi lakuti musunge masikuwo, koma ntchito sanapatsidwe.

Maola ndi mapepala, zimene masambawa sakuchitirani

Pali chifukwa chimene zaka ndi kutalika zimakhalira pamwamba penipeni pa mbiri ya mwana. Ku California, pa tsiku la sukulu mwana wa zaka 6 mpaka 8 amaloledwa kukhala pamalo a ntchito maola 8, koma ogwira ntchito ndi 4 okha, 3 ndi a sukulu, limodzi lopuma. Wa zaka 9 mpaka 15 amakhala maola 9 n'kugwira 5. Wa zaka 2 mpaka 5 amagwira maola 3, ndipo khanda la masiku 15 mpaka miyezi 6 limagwira mphindi 20 zokha. Ku England mwana wa zaka 5 mpaka 8 amakhala maola 8 n'kusewera 3, pamene wa zaka 9 kupita m'tsogolo amakhala maola 9 ndi theka n'kusewera 5. Tsono taganizani kampani imene ikulipira anthu 150 tsiku lililonse. Pa mbali ya mwana wa zaka 7, idzakonda mwana wa zaka 9 wamfupi wooneka wa zaka 7, chifukwa amabweretsa ola lina kapena awiri patsiku, amawerenga bwino ndipo satopa msanga. N'chifukwa chakenso pa makanda ndi ana aang'ono amafuna mapasa ofanana, monga mmene Mary-Kate ndi Ashley Olsen ankasinthanirana mbali imodzi mu Full House kuyambira 1987.

Choncho mbiri ya mwana iyenera kunena zoona za lero. Muyezeni kutalika miyezi itatu iliyonse n'kusintha pa tsamba. Chithunzi chisapitirire chaka, ndipo pa zaka 6 mpaka 8, pamene mano akuguluka, chisinthidwe msanga kuposa pamenepo. Chikhale chooneka ngati mwanayo mmene alili akamachokera kusukulu, osati chosalazidwa pa kompyuta. Mwana akalowa m'chipinda atasiyana ndi chithunzi chake, osankha amaona kuti atayitsidwa nthawi, ndipo ejenti ndi amene amalandira foni yodandaula. Kwa anyamata a zaka 12 mpaka 14 palinso mantha a mawu kusintha filimu ili pakati, ndipo palibe chimene kholo lingachitepo. Pa masamba onse anayi sitinaone lililonse limene limaletsa mbiri yachikale kutumizidwa, udindo umenewo ndi wanu.

Mapepala nawonso ndi anu. Ku California mwana amafunika chilolezo chogwirira ntchito za zisangalalo chochokera ku ofesi ya Labor Commissioner, chimene chimatha pa miyezi 6, ndipo kwa mwana wa sukulu pamafunika umboni woti akukhoza ndiponso sajomba. Pamalo ojambulira pamakhala mphunzitsi wovomerezeka amene amaonanso za umoyo wa mwanayo, ndipo kholo la mwana wosakwana zaka 16 liyenera kukhala pamene lingamuone kapena kumumva. Palinso akaunti ya Coogan. Dzinali ndi la Jackie Coogan, amene anatchuka ali mwana posewera ndi Charlie Chaplin mu 1921, koma atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo ake omupeza adya pafupifupi chuma chonse. Mlandu wake unabala lamulo la 1939, ndipo mmene lilili lero, wolemba ntchito amaika 15 peresenti ya malipiro onse a mwana mu akaunti yotsekedwa mpaka adzakwanitse zaka 18. New York, Illinois, Louisiana ndi New Mexico alinso ndi malamulo ofanana nalo. Ku England layisensi imachokera ku khonsolo ya dera limene mwana akukhala, wopempha ndi kampani yopanga filimu, ndipo khonsolo ingathe kukana pempho lofika patatsala masiku osakwana 21. Kampaniyo imadalira kholo kuti lipereke msanga kalata ya kubadwa, zithunzi ndi kalata ya kusukulu. Pa ntchito zofulumira, mwana amene mapepala ake ali okonzeka amapambana mnzake waluso lofanana amene akuyamba kumene kuthamanga nawo. Walira mvula walira matope: kholo lofuna ntchitoyi lidziwe kuti lidzajomba kuntchito kwake, nthawi zina atangolidziwitsa dzulo lake.

Chinanso chimene tsamba silingakuuzeni pamene likulandira ndalama yanu ndi nkhani ya dziko. Kulembetsa pa Backstage kapena pa Actors Access kumatheka muli kulikonse, koma pafupifupi chikalata chilichonse chimafuna mwana wokhala ndi ufulu wogwira ntchito m'dziko limene akujambulira, ndipo ntchito zing'onozing'ono zimafuna wokhala mumzinda womwewo, kaya ndi Atlanta, Vancouver kapena London, woti kampani isamulipirire ndege ndi malo ogona. Viza ya osewera ya ku America, O-1, imafuna umboni woti munthu ndi wodziwika kale, umene mwana woyamba kumene alibe. Kampani imavutikira viza pa mbali yaikulu yokha, ndipo mbali zoterozo taona kale kuti amazisaka okha. Kulipira chaka chonse muli kunja kwa mayiko amenewa n'kutaya ndalama.

Akathyali

Masamba anayiwa ndi enieni, koma m'mbali mwake mwadzaza anthu odyera pa chiyembekezo cha makolo. Muyeso wake ndi wosavuta. Ejenti weniweni amadya pokhapokha mwana akadya: amatenga gawo la malipiro ntchito ikapezeka, 10 peresenti pa ntchito za SAG-AFTRA, ndipo ku Britain kawirikawiri amatenga yokwererapo. Ku California lamulo lotchedwa Krekorian Talent Scam Prevention Act la 2009 limaletsa kulipiritsa munthu ndalama patsogolo pomulonjeza kumuimira kapena kumupezera ntchito, ndipo ojambula zithunzi, aphunzitsi a zisudzo ndi mamanejala ogwira ntchito ndi ana amafunika chilolezo chimene chimaperekedwa atafufuzidwa mbiri yawo. Choncho wina akaimitsa mwana wanu kumsika waukulu n'kunena kuti ali ndi nkhope ya filimu, kenako n'kukuitanirani kuhotela kumene akugulitsa maphunziro a madola masauzande, tembenukani. Chimodzimodzinso amene akuti mujambulitse zithunzi kwa wojambula wake yekha, amene akuti musayine lero lomwe, kapena amene akutchula dzina la situdiyo yaikulu koma akulemba kuchokera pa Gmail. Chilengezo chenicheni chimatchula casting director, ndipo dzinalo mungalifufuze pa IMDb, tsamba la mbiri ya mafilimu, kapena pa mndandanda wa mabungwe awo, Casting Society ku America ndi Casting Directors' Guild ku Britain. Mayeso a mwana sachitikira m'chipinda chogona cha hotela kapena kunyumba kwa munthu, sapempha zithunzi za zovala zosambira, ndipo ngakhale kholo litapemphedwa kudikira panja pa chipinda, khomo lake limakhala pomwepo ndipo m'katimo mumakhala anthu oposa mmodzi.

Kwa mwana wa ku America amene akuyamba, tsegulani Actors Access yaulere ndi zithunzi ziwiri, muone kwa mwezi umodzi kuchuluka kwa ntchito za msinkhu wake m'dera lanu, ndipo mulipire ya pachaka pokhapokha mukaona kuti mukutumiza kawirikawiri moti kulipira kamodzikamodzi kukudula. Backstage itengeni kwa miyezi yochepa ndi cholinga chimodzi, kupeza vidiyo yokaonetsa ejenti, kenako muisiye. Ku Britain ndalama yoyamba ipite ku gulu la zisudzo la Loweruka limene ma casting director amalichezera. Owen Cooper, amene analandira mphoto ya Emmy ali ndi zaka 15 chifukwa cha Adolescence, anapezeka kudzera m'gulu lotere ku Manchester. Spotlight idzabwera ejenti akapezeka. Pa tsamba lililonse imelo ndi nambala ya foni zikhale za kholo, dzina la sukulu ndi adiresi ya kunyumba zisalembedwe, ndipo chithunzi chisaonetse yunifolomu. Pa masamba amene amadula okha ndalama nthawi ikakwana, lowani mu akaunti tsiku lomwe mwalipira n'kuzimitsa zimenezo, kuti chaka chamawa mudzayambe mwamufunsa mwanayo ngati akufunabe.